Wochira ku khansa ndi mthunzi wa mtengo: mafunso a ku Chemusa

Munthu akamaliza kulandira mankhwala a khansa ku chipatala cha Gulupu, achibale amapumira m'mwamba: zatha, tithokoze Mulungu. Mwini wake thupi ndiye amadziwa kuti sizinathe. Miyendo imalemerabe, tulo sitibwera, mutu umaiwalaiwala, ndipo kakangotuluka kachotupa paliponse mtima umagunda kuti kapena matenda aja abwereranso. Madokotala a m'maiko ambiri masiku ano amalangiza anthu otere kuti aziyenda ndi kukhalako panja, pamalo pamene pali mitengo. Kwa munthu wa ku Namiwawa kapena ku Sunnyside malangizowa ndi osavuta, angotsegula chitseko. Mafunso ali pansipa ndi a munthu wa ku Chemusa, kumene khomo la nyumba ina limayang'anizana ndi bafa la nyumba ina.

Kodi mukutanthauza kuti mitengo ndi mpweya wabwino zimachiza khansa?

Ayi, ndipo tiyambire pomwepa kuti pasakhale kusamvana. Khansa imachizidwa ndi opaleshoni, mankhwala a kemo, ndi kuwotcha chotupa ndi makina a radiotherapy. Palibe phiri, nkhalango kapena mtsinje umene unasungunulapo chotupa cha pakhomo la chiberekero. Akatswiri a ku yunivesite ya Yale ku America anatsata odwala khansa ya m'mawere, ya m'mapapo, ya m'matumbo ndi ya prostate amene anakana chithandizo cha kuchipatala n'kudalira njira zina zokha. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2018, zinasonyeza kuti chiopsezo chawo cha imfa chinali chochuluka kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi anzawo amene analandira chithandizo.

Kukhala panja kumathandiza pa zimene zimatsalira chithandizo chikatha: kutopa, nkhawa, kusowa tulo, kubalalika kwa maganizo ndi kufooka kwa minofu. Zimenezi si zazing'ono. Ndi zimene zimasiyanitsa mayi amene wabwerera pa geni yake ya tomato ndi mayi amene patha chaka adakali chigonere, ngakhale onse awiri adokotala anawauza kuti chotupa chinachoka.

Umboni wake uli kuti? Mwina ndi zongokamba azungu okonda maluwa.

Umboni ulipo, koma ndi wosiyana kulemera kwake, ndiye tiyeni tiuyale bwino.

Mu 1984, Roger Ulrich anafufuza mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania. Theka la iwo zenera la chipinda chawo linkayang'ana mitengo, theka lina linkayang'ana khoma la njerwa. Oona mitengo aja ankatuluka m'chipatala msanga, pafupifupi ndi tsiku limodzi, ndipo ankapempha mankhwala amphamvu opha ululu kochepa. Awa sanali odwala khansa, komanso anali ochepa, koma kafukufukuyu ndi amene anatsegula nkhani yonseyi.

Wokhudza khansa mwachindunji anachita ndi namwino wa ku yunivesite ya Michigan, Bernadine Cimprich. Mu 2003 iye ndi mnzake anasindikiza zimene anapeza mwa amayi 157 amene anali atangowapeza ndi khansa ya m'mawere. Ena anawapempha kuti pa sabata azipatula mphindi 120 zokhala pafupi ndi chilengedwe: kuyenda m'paki, kusamalira maluwa, kuyang'ana mbalame, ngakhale kungokhala pazenera loona mitengo. Atawayesa pambuyo pa opaleshoni, amayi amenewa ankatha kuika maganizo pa chinthu chimodzi bwino kuposa anzawo. Aliyense amene anaonapo wochira ku khansa akuiwala chimene walowera m'nyumba adziwa kufunika kwake. Mphindi 120 zomwezi zinatulukanso mu 2019 pa kafukufuku wa anthu pafupifupi 20,000 ku England: amene ankafikitsa maola awiri pa sabata ali ku malo a chilengedwe ndiwo ankanena kawirikawiri kuti akupeza bwino, kaya maolawo anawathera tsiku limodzi kapena anawagawa masiku angapo.

Ku Japan, kumene boma linayamba kulimbikitsa zoyenda m'nkhalango mu 1982, kuli ofufuza amene amati fungo la mitengo limakweza chitetezo cha m'thupi. Amenewa anayesa anthu ochepa kwambiri, ambiri mwa iwo athanzi, ndipo ine sindingalangize munthu kumangira chiyembekezo pamenepo.

Umboni wolemera kwambiri ndi wa kuyenda kwenikweniko. Mu 2025 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CHALLENGE, amene anatsogoleredwa ndi akatswiri a ku Canada. Anatenga anthu 889 amene anamaliza opaleshoni ndi kemo ya khansa ya m'matumbo. Theka anangowapatsa timabuku ta malangizo, theka lina anawapatsa mlangizi wowathandiza kulimbitsa thupi kwa zaka zitatu, ndipo ambiri anasankha kuyenda ndawala basi. Patatha zaka zisanu, mwa anthu 100 alionse oyenda aja, 80 anali moyo khansa isanabwerere, pamene mwa anzawo anali 74. Patatha zaka zisanu ndi zitatu, amoyo anali 90 mbali ya oyenda ndi 83 mbali inayo. Iyi inali khansa ya mtundu umodzi, osati yonse, koma kusiyana kotereku kumafanana ndi kwa mankhwala ena okwera mtengo.

Mmene ndikuonera ine, ntchito yaikulu ikugwiridwa ndi miyendo. Mtengo ntchito yake ndi kukukopani kuti mawa mutulukenso, chifukwa palibe amene amalakalaka kuyenda m'fumbi la m'mbali mwa msewu wa ku Chirimba, malole akumupemerera utsi kumaso.

Ndine wotopa kale. Kuyenda sikundimaliziratu?

Kutopa kwa khansa ndi kwina. Wochokera kumunda akagona amadzuka ali bwino; wochokera ku kemo amagona tsiku lonse n'kudzuka ali chimodzimodzi. Ndipo akamagonabe, minofu imaphwa, mtima ndi mapapo zimazolowera ulesi, kenaka ngakhale kupita kuchimbudzi kumakhala ulendo. Ichi n'chifukwa chake akatswiri a zolimbitsa thupi mwa odwala khansa, pa malangizo amene anagwirizana mu 2019, anati kuyenda mphindi 30 katatu pa sabata kumachepetsa kutopa ndi nkhawa.

Musayambire pa mphindi 30. Yambani ndi zisanu kapena khumi, ndipo muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Muyezo wake ndi pakamwa: ngati mukutha kucheza ndi amene mukuyenda naye, liwiro lili bwino; mawu akayamba kudukaduka, chepetsani. Ngati tsiku lotsatira mwadzuka wolefuka kuposa kale, dzulo munapyola muyezo.

Kumbali yathu ino kuli msampha umene mabuku a kunja sautchula: zitunda. Munthu amatuluka pakhomo n'kuyamba ndi kutsetsereka, thupi n'kumamva kupepuka, osadziwa kuti ngongole yonse akailipira pobwerera mphamvu zitatha. Yambani ndi kukwera kapena njira yopingasa, kuti kutsetsereka kukhale kwa pobwera.

Ndimatunga madzi, ndimachapa, ndimapita kumsika. Kumeneko si kuyenda?

Ndi kuyenda ndithu, ndipo thupi limapindula. Koma mayi amene wasenza ndowa ya malita 20 kuchokera pa kiyosiki, maganizo ali pa ndiwo za madzulo ndi lendi ya mwezi uno, sanapumitse mutu. Zimene Cimprich ankayesa ndi nthawi imene maso akuyang'ana chinthu chosafuna yankho: masamba akugwedezeka, pumbwa akudya gwafa, mitambo ikuunjikana pa Michiru. Ntchito za pakhomo muzigawire ena kwa kanthawi, makamaka zonyamula zolemera pambuyo pa opaleshoni ya m'mimba kapena ya bere, mpaka adokotala atakulolani.

Nanga ku Chemusa kuno chilengedwe chake chili kuti?

Funso ili ndi lowawa chifukwa yankho lake likutiimba mlandu tonse. Blantyre ndi mzinda wozunguliridwa ndi mapiri: Michiru, Ndirande, Soche, Bangwe, Mpingwe. Akuluakulu amakumbukira phiri la Ndirande lili bii ndi mitengo ya paini, isanathe kudulidwa m'zaka za m'ma 1990. Soche tinaona tonse zimene linachita mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsera matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe. M'makwalala mwathu, ku Chemusa, ku Mbayani, ku Ndirande, malo alionse otsala anamangidwapo nyumba ya lendi. Kumene kwatsala mitengo yowirira bwino ndi kumanda, ndipo palibe wanzeru amene angauze wochira ku khansa kuti azikapuma kumeneko.

Komabe zilipo zoyambira. Choyamba ndi mtengo wa mango kapena wa mapeyala umene uli pafupi ndi kwanu, ngakhale ukhale wa aneba. Kupempha kuti muzikhala pansi pake m'mawa ndi chinthu chimene anthu ambiri sangakane. Chachiwiri ndi mabwalo a tchalitchi, a mzikiti ndi a sukulu, amene nthawi zambiri amakhala ndi mitengo ingapo komanso malo osalala oyendapo. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira, ndipo ku sukulu muzipita ana ataweruka. Wolimbako angakwere minibasi kapena kabaza kupita ku Mishoni, kumene tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, chazunguliridwa ndi mitengo ikuluikulu yakale ndipo pansi pake ndi poyendeka.

Michiru ndiye nkhalango yeniyeni imene tili nayo pafupi. Mbali ina ya phirili ndi malo otetezedwa, kuli njira zoyendamo, anyani, apusi ndi mbalame zamitundumitundu, ndipo chakumapeto kwa chilimwe mitengo ya mombo ndi tsamba imaphukira masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe. Pachipata pamakhala polipira, ndiye ulendo wotere ndi wa kamodzikamodzi, wokonzekera. Mbali ya ku Chilomoni kuli Njira ya Mtanda yokwera phirilo, imene Akatolika ndi anthu ena amayendamo popemphera. Ubwino wake kwa wochira ndi woti ili ndi malo oimapo motsatizana. Mwezi uno mukhoza kulekezera pa malo achiwiri n'kubwerera, mwezi wamawa pachitatu. Palibe amene anakulemberani kuti mukafike pamwamba. Kunkhalango kapena kuphiri musapite nokha, musatenge foni yodula poonekera, ndipo mubwerere dzuwa likadalipo, chifukwa kumeneko kumayendanso owotcha makala ndi anthu ena osadziwika zolinga.

Koma maola awiri a pa sabata aja asadalire ndalama ya minibasi. Mphindi 20 tsiku lililonse pansi pa mango a pafupi zimakwanira, n'kutsalako.

Anzanga a kutchalitchi akuti tipite kuphiri kukapemphera usiku wonse. Kumenekonso si ku chilengedwe?

Anthu a mu Blantyre sanadikire ofufuza kuti adziwe kuti kuphiri mtima umakhazikika. Pa Soche, pa Ndirande ndi pa Michiru pamamveka nyimbo ndi mapemphero masiku ambiri, ndipo wochira ku khansa amene wapeza mtendere kumeneko sindingamuletse. Zimene ndingakane ndi zitatu zimene zimabwera limodzi ndi maulendo ena otere. Kusala kudya masiku angapo n'koopsa kwa thupi limene latsika kale sikelo. Kugona panja usiku, makamaka nthawi ya chiperoni mu Juni ndi Julayi, kumaitana chibayo. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mwachiritsidwa, tayani mankhwala, musapitenso ku Gulupu, ameneyo musamumvere ngakhale atakhala ndi dzina lalikulu. Ambiri mwa odwala khansa ya Kaposi ndi ya khomo la chiberekero kuno amamwanso ma ARV, ndipo kudumphitsa ma ARV kumatsegulira khansa khomo. Pitani masana, mutadya, mutatenga madzi ndi mankhwala anu m'thumba.

Ndi zoopsa ziti zimene ndiyenera kusamala nazo panja?

Dzuwa ndi loyamba. Khungu limene linawotchedwa ndi makina limapsa msanga kwa nthawi yaitali, ndipo mankhwala ena a kemo amachititsa khungu lonse kusapirira dzuwa. Tulukani m'mawa isanakwane 9 koloko kapena chakumadzulo, muvale chipewa kapena duku ndi malaya a manja aatali. Mu Okutobala ndi Novembala lamuloli likhwime. Kwa abale athu achialubino, amene khansa ya pakhungu ndiyo mdani wawo wamkulu, mthunzi, chipewa chachikulu ndi mafuta oteteza kudzuwa si zokambirana.

Chachiwiri ndi chitetezo cha m'thupi. Chimatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 kuchokera pamene mwalandira kemo, ndipo chimabwerera pang'onopang'ono. Mitsinje ya mu mzinda uno, Mudi ndi inzake, imanyamula zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale; musasambemo, musawolokemo opanda nsapato. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inatikumbutsa zimenezi. Madzi akumwa tengani kunyumba. Dzuwa likamalowa udzudzu umayamba, ndiye lowani. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena mukayamba kunjenjemera, musadikire kuti kuche ndipo musangogula panado pa okala: pitani kuchipatala n'kunena msanga kuti munalandira kemo.

Chachitatu ndi mapazi. Mankhwala monga vincristine, paclitaxel ndi cisplatin amatha kusiya dzanzi ku zala za kumapazi, moti munthu amaponda mwala kapena botolo losweka osamva. Njira zathu ndi zamiyala ndi zokumbika ndi madzi. Valani nsapato zotseka, osati patapata, tengani ndodo osachita manyazi, ndipo madzulo muziyang'ana kuphazi ngati kuli bala. Amene adokotala anawauza kuti khansa inafika m'mafupa afunse kaye asanayambe kuyenda m'zitunda, chifukwa kwa iwo kugwa kamodzi kukhoza kuthyola fupa. Chizungulire, kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kutaya magazi ndi zizindikiro zoti muime pomwepo.

Poti tikukamba za mitengo, nanga masamba ndi mizu yake? Ambiri akugulitsa mankhwala a zitsamba a khansa.

M'maminibasi ndi pa WhatsApp mwadzaza mabotolo olonjeza kusungunula chotupa. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ena enieni a kemo anachokeradi ku zomera. Vincristine, amene amathandiza ana odwala khansa ya Burkitt, amachokera ku kaduwa kofiirira kapena koyera ka ku Madagascar kamene kamamera ngakhale m'mabwalo a nyumba zathu. Paclitaxel anamupeza m'khungwa la mtengo wina wa ku America. Koma kuti papezeke kamlingo kochepa ka vincristine pamafunika mulu waukulu wa masamba, makina oyenga, ndi dokotala woyeza mlingo molingana ndi thupi la wodwala. Kuwiritsa masamba a duwalo mu poto sikupereka mankhwalawo, kumapereka poizoni. Chammwamba idyani ngati ndiwo, n'chabwino. Chilichonse cha m'botolo losadziwika chimene mukumwa, auzeni adokotala mosabisa, chifukwa zina zimawononga chiwindi ndi impso zimene kemo yazilemetsa kale.

Kulima ndiwo pakhomo kungalowe m'malo mwa kuyenda?

Kumathandizana nako. Matumba atatu kapena anayi a dothi ndi manyowa m'mbali mwa khoma amabereka mpiru, repu kapena bonongwe, ndipo amapatsa munthu chifukwa chodzukira m'mawa. Wochira amene wakhala miyezi akulandira chisamaliro amasangalala kukhalanso ndi chinthu chodalira iye. Valani magulovu kapena majumbo kumanja, sambani ndi sopo mukamaliza, ndipo manyowa a nkhuku agwire ndi munthu wina. Amayi amene anachotsedwa bere limodzi ndi mwanabele wa m'khwapa ateteze kwambiri mkono wa mbali imeneyo, chifukwa kabala kakang'ono kakhoza kuutupitsa.

Kunyumba akundiletsa kutuluka. Akuti anthu andiona n'kumandinena.

Apa ndi pamene pagona vuto lenileni, kuposa kusowa kwa mitengo. Mwambo wathu wosamalira wodwala ndi womugoneka: mumuyalire, mutseke zenera mphepo ingamuwombe, alendo azilowa mmodzimmodzi n'kumayankhula monong'ona. Ndi chikondi, koma chipinda chamdima cha malata, chimene mbaula ya makala ikufukira pakhomo pake, si malo ochiriramo. Pamwamba pa izo pali manyazi. Tsitsi linathothoka, thupi linatha, ena ali ndi mawanga a Kaposi m'miyendo, ndipo m'dera lothithikana ngati lathu nkhani imayenda msanga kuposa mwini wake. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi matenda aja.

Khansa si yopatsirana. Simungaitenge pokhala pamkeka umodzi, podyera mbale imodzi kapena pogwirana chanza. Ndipo anthu amanena kwambiri za munthu amene sakumuona kuposa amene amamupatsa moni tsiku ndi tsiku. Masiku oyamba tulukani ndi munthu amene mumamukhulupirira, m'mamawa njira zisanadzaze.

Kwa amayi a Mvano, a Dorika, a m'malimana ndi magulu a amayi a Chisilamu amene amayendera odwala, pempho langa ndi ili: mukamaliza pemphero ndi kupereka sopo ndi shuga, funsani kuti, “Amayi, tingatuluke pang'ono tikakhale panja?” Mu kafukufuku wa CHALLENGE uja, onse anauzidwa kuti kuyenda n'kwabwino. Amene anapitirizadi ndi amene anali ndi munthu wowafunsa kawirikawiri kuti zikuyenda bwanji. Mlangizi wolipidwa ife tilibe, koma mlamu, mdzukulu kapena mnzanu wa ku banki m'khonde akhoza kugwira ntchito yomweyo. Abambo ndiwo amavuta kwambiri pa zoperekezedwa. Kwa iwo bawo ya pansi pa mtengo, yoti ayende pang'ono kuti akaipeze, imagwira ntchito kuposa ulaliki wa zaumoyo.

Mayi anga khansa yawo adokotala anati siichira, ndipo sadzuka. Nkhaniyi ikuwakhudza?

Ikuwakhudza. Odwala a Ulrich aja sankayenda m'nkhalango, ankangoona mitengo ali pabedi. Sunthani bedi kapena mphasa kuti nkhope iyang'ane pazenera kapena pakhomo, chotsani nsalu yotchinga masana, ndipo mbaula ipite kutali ndi chipindacho. Masiku amene akupezako bwino, anthu awiri awanyamule bwinobwino kupita nawo pakhonde kapena pamthunzi, ndi pilo wotsamira ndi chofunda, kwa mphindi zimene iwo eni afuna. Muziwafunsa, osawaganizira. Akakana lero, mufunsenso mawa.

Ululu ukakhala waukulu palibe chimene chimakoma, ndiye yambani ndi kuthana ndi ululuwo. Ku Gulupu kuli kiliniki ya Tiyanjane yosamalira akuluakulu odwala matenda osachiritsika, ndi ya Umodzi yosamalira ana. Kumeneko amapereka mankhwala opha ululu, kuphatikizapo morphine wakumwa, ndipo amaphunzitsa achibale kasamalidwe ka zilonda ndi katembenuzidwe ka wodwala. Afunseni anamwino kuti mankhwalawo azimwedwa nthawi yanji kuti pomadzawanyamula amayi kupita nawo panja akhale atayamba kale kugwira ntchito.